Kodi selo limadziwa bwanji kuti okosijeni wachepa?

Wophunzira Bayoloje:
Akuluakulu, ndikukonzekera mayeso ndipo pali nkhani imene yandizunguza mutu. Munthu akakhala milungu ingapo pamwamba pa mapiri ataliatali, maselo ofiira m'magazi mwake amachuluka. Popeza majini ake sanasinthe, n'chiyani chimauza selo kuti okosijeni wachepa?

Mphunzitsi Wopuma:
Majini sasinthadi, chimene chimasintha ndi majini amene akugwira ntchito panthawiyo. Selo limapanga puloteni yotchedwa HIF-1 alpha mosalekeza, koma okosijeni akakhala wokwanira, maenzayimu otchedwa prolyl hydroxylase, amene amafuna okosijeni ndi ayironi kuti agwire ntchito, amaiika chizindikiro, ndipo puloteni ina, VHL, imaizindikira n'kuipereka kuti iphwanyidwe m'mphindi zochepa chabe. Okosijeni akachepa, maenzayimu aja amafooka, HIF imachuluka, imalowa mu nyukiliyasi, momwe mumakhala majini, n'kudzutsa majini ambirimbiri. Ena mwa iwo ndi la erythropoietin, imene impso zimatulutsa kuti m'mafupa mupangidwe maselo ofiira, ndi la VEGF, yomeretsa mitsempha yatsopano ya magazi. Gregg Semenza, Peter Ratcliffe ndi William Kaelin analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa chotulukira zimenezi. Chimene chimandigometsa n'chakuti selo limalolera kupanga chinthu n'kumachiwononga nthawi yomweyo, n'cholinga choti vuto likadza lisachedwe kuyankha.

Wa ku Labotale:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma wofunsayo asaiwale mbali inayo, chifukwa okosijeni yemweyo amavulazanso selo. Mitochondria ikamapanga mphamvu, pamatuluka tizinthu towononga monga hydrogen peroxide. Apa puloteni yotchedwa KEAP1, imene nthawi zonse imagwira puloteni ina, Nrf2, kuti iphwanyidwe, imasinthika tizinthuto tikakhudza ma cysteine ake (tizigawo tina ta puloteniyo), ndipo Nrf2 imapulumuka n'kukadzutsa majini opanga zotetezera selo, kuphatikizapo glutathione. Njira yake ndi yofanana ndi ya HIF.

Wophunzira Bayoloje:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye kuti HIF ikachuluka zimakhala zabwino nthawi zonse?

Mphunzitsi Wopuma:
Ayi, mwana wanga. Zotupa za khansa zimadalira HIF kuti zimeretse mitsempha yozidyetsa, ndipo anthu obadwa ndi jini la VHL lowonongeka kawirikawiri amadwala khansa ya impso. Anthu a ku Tibet ali ndi mtundu wa jini la EPAS1 (lopanga mtundu wina wa HIF) umene umachititsa kuti magazi awo asachulukitse maselo ofiira mopitirira muyeso, ngakhale amakhala malo okwera kwambiri, pakuti magazi olimba kwambiri amavutitsa mtima.