Bokosi la zipangizo lachita dzimbiri, m'madilowa ndiyalemo chiyani?

Wa ku Kapata: Akuluakulu, bokosi lachitsulo la masipanala lachita dzimbiri, madilowa akulimba potsegula, ndipo mphira wa pansi pake wafumbutuka. Ndiyambire pati?

Makanika wa ku Katete: Tulutsani madilowa onse kaye. Mphira wakale mupale, guluu wotsalira mupukute ndi thinner, mankhwala osungunulira penti aja. Dzimbiri likhuleni ndi bulashi ya waya, kenako sandpaper yokhakhala ya nambala 80, mumalize ndi yosalala ya 220. Pakani red oxide, penti yoyambira yoteteza ku dzimbiri, tsiku lomwelo, chitsulo chosapaka chikagona chimayambanso dzimbiri, makamaka nyengo ya mvula. Penti ya enamel ipite kawiri mopyapyala. Mukaunjika imayenderera ndipo imachedwa kuuma.

Wowotcherera wa ku Chipata: Achimwene, m'njanji za madilowa musapakemo penti, ndiye kulimbako. Tsukani ndi palafini, mupake girisi pang'ono.

Zoyala, pezani mphira wokhuthala mamilimita 2 kapena 3, mudule mochepetsako mamilimita 2 mbali zonse kuti usatukumuke. Katoni ndi kapeti ayi, zimasunga chinyezi. Chubu cha galimoto chimapindika m'makona. Guluu musamate ponseponse, m'makona mokha, kuti muzitha kuchotsa popukuta mafuta.

Makanika wa ku Katete: Koma penti iume sabata yathunthu musanayale, apo ayi mphira umamatirira.