Ndabweranso pa funso langa lija la kusiya shisha

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chimene ndinkalepherera kusiya shisha (fodya wosutira m'paipi yokhala ndi madzi, woyatsidwa ndi makala), chikhalirecho ndinkadziuza kuti ndikhoza kusiya tsiku lililonse ndikafuna. Achinyamata ambiri timadzidalira choncho poti sitisuta tsiku ndi tsiku.

Ndinatsata malangizo a achemwali ena amene pondiyankha anati vuto si fodya yekha, komanso malo ndi anzathu ocheza nawo. Loweruka madzulo ndinayamba kukaonera mpira kwa msuweni wanga m'malo mopita kumalo achisangalalo, ndipo anzanga ndinawauza poyera kuti asandipatsirenso paipi. Ena anaseka, koma anasiya. Masabata oyamba ndinkapsa mtima msanga, tulo tinkavutanso. Tsopano zachepa, sindinasutenso, ndipo chifuwa cha m'mawa chija chatha.

Zoti ndiyambe vape (ndudu yamagetsi) ndinakana, poti nthawi zambiri namonso mumakhala nikotini.

Kwa amene ali pa vuto lomweli: madzi a m'paipi ya shisha sachotsa nikotini, amangoziziritsa utsi kuti muziukoka wambiri osatsokomola. Makala nawo amatulutsa mpweya woipa wa carbon monoxide, umene umapweteketsa mutu ukamaliza kusuta. Ngakhale zosuta zolembedwa kuti zilibe fodya zimayatsidwa ndi makala omwewo.