Lenzi ya 150-600mm pojambula masewera a pa chipale chofewa ku Lesotho

Wojambula wa ku Area 25:

Moni nonse. Ndapeza ntchito yokajambula anthu otsetsereka pa chipale chofewa ku Afriski, ku Lesotho, mu Julayi akubwerayu. Ndili ndi Nikon D7500 ndi lenzi ya Sigma 150-600mm Contemporary, yomwe ndimajambulira mpira pa mabwalo a Bingu ndi Civo. Kodi ikwana, kapena ndiwonjezere teleconverter (kagalasi kotalikitsa lenzi) ya 1.4x? Nanga kamera ndiitchere ngati mmene ndimachitira pa mpira? Za kuzizira nazonso ndithandizeni, zida zingakandiwonongekere kumeneko.

Bambo wa ku Biwi:

Achimwene, teleconverter musaononge nayo ndalama. Lenzi yanuyo pa 600mm imatseguka kufika f/6.3 basi (nambala ya f ikamakula, bowo lolowera kuwala limachepa). Mukaikapo 1.4x imakhala f/9, pomwe autofocus (kulunjika kumene kamera imachita yokha kuti chithunzi chioneke bwino) ya kamera yanu inapangidwa kuti ithere pa f/8. Izingosakasaka munthu mpaka wadutsa.

Ndipo kutalika kwake kwakwana kale, mwinanso kwachuluka. Pa D7500, munthu ali pa mamita 50, 600mm imaona malo okwana pafupifupi mamita 2 m'lifupi ndi mita 1.3 m'mwamba. Munthu woimirira salowamo yense, nanji ali ndi ndodo zake ndi chipale chimene akumwaza pokhota. Pa 300mm, mtunda womwewo, mumaona mamita 3.9 ndi 2.6. Zithunzi zambiri zabwino zikachokera pakati pa 200 ndi 400mm. Kujambula kuchokera kutali kwambiri kumalephereka ngakhale focus itagwira, chifukwa mpweya wa pakati panu ndi munthuyo umagwedera dzuwa likakwera, chithunzi n'kutuluka chofewa.

Chimene chikakuvuteni kwenikweni ndi kuwala. Kamera imayesa chilichonse ngati ndi chotuwa chapakatikati. Pa mpira zimayenda chifukwa kapinga ali pafupi ndi mlingo umenewo. Ikaona phiri loyera mbee imaganiza kuti kuwala kwachuluka, n'kuchepetsa. Chipale chimatuluka chotuwa ngati phulusa, nkhope ya munthu n'kuda bii. Ngati muli pa Aperture Priority, pomwe kamera imasankha yokha liwiro la shutter, kwezani exposure compensation (choonjezera kuwala) kufika +1 kapena +1.7. Koma ine ndikuti pitani pa Manual, pomwe mumatchera zonse nokha, chifukwa mukamazuma, kapena munthu wovala zakuda akadzaza chithunzi, kamera imasinthanso maganizo pa chithunzi chilichonse. Dzuwa likuswa bwino yambirani pa ISO 200 (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala), f/8, ndi shutter ya 1/1600 ya sekondi. Jambulani chipale chokha, onani histogram, kagirafu ka kuwala ka pa sikirini: phiri la pa kagirafuko lifike kufupi ndi malire a kumanja koma lisagunde. Auto ISO muizimitse, apo ayi Manual yanuyo ikhala ya dzina chabe. Mtambo ukaphimba dzuwa, yesaninso.

Mayi wa ku Area 47:

Bambo a ku Biwi anena zoona za kuwala, koma 1/1600 ndi poyambira chabe. Munthu wothamanga makilomita 60 pa ola amayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Pa 1/500 wayenda masentimita 3, ndiye kuti maso ndi zilembo za pa jekete zapakika. Pa 1/2000 ndi mamilimita 8 okha. Akamadutsa chopingasa pafupi nanu, kapena akamadumpha, ikani 1/2000 kapena 1/2500, ISO ikwere kufika 250 kapena 320. Palibe choopa pamenepo.

Focus ikhale AF-C, yotsatira munthu akamayenda, timadontho tochepa ta pakati, osati kamera izisankha yokha. Chipale chilibe mizere yoti autofocus igwirepo, ndiye kadontho kakangochoka pa munthu n'kugwera poyera, lenzi imathawa. Lozani pachifuwa pamene pali nambala kapena zipi. Pambali pa lenzi yanuyo pali kabatani koletsa focus kubwera pafupi, kaikeni pa 10m mpaka kutali. Kamathandiza kwambiri chipale chikamagwa kapena makina opopera chipale akamagwira ntchito, chifukwa tizidutswa todutsa pafupi timakoka focus. Dziwaninso kuti pa 600mm, f/6.3, munthu ali pa mamita 30, malo ooneka bwino ndi masentimita 60 okha kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi. Wothamanga uja amawadutsa m'kuphethira kwa diso. N'chifukwa chake f/8 ndi yabwino kuwala kukalola.

Malo oima ndi amene amapanga chithunzi, osati mamilimita. Imani kumunsi kwa pokhota, kunja kwa mzere umene akudutsa, kuti azibwera akuyang'ana kwa inu thupi litapendekeka. Gwadani, phirilo lioneke kutsetsereka kwake. Mukaima pamwamba n'kujambulira pansi, phiri limaoneka lafulati. Funsani oyang'anira malowo poti muime, ndipo musaime kuseri kwa chitunda pomwe wotsika sangakuoneni. Diso likakhala m'kamera ya 600mm simuona munthu wina amene akubwera chakumbali.

Mukafuna kuti kumbuyo kuoneke kothamanga, tsitsani shutter kufika 1/125, aperture itsekeni kufika f/16 kapena f/22 pa ISO 100, OS ya lenzi (yochepetsa kugwedera) muiike pa 2, muzimutsatira munthuyo potembenuza chiuno. Zambiri zidzatayika, musadabwe. Yeserani muno musanapite: njinga zamoto za kabaza pa msewu wa ku 25 kwanuko n'zokwanira. Za kuwala yeserani pa nsalu yoyera yoyanikidwa padzuwa masana, munthu wovala zakuda ataima patsogolo pake.

Jambulani RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yajambula. Chipale cha pamthunzi chimatuluka chabuluu, ndipo pa JPEG n'chovuta kukonza.

Mkulu wa ku Kawale:

Ndionjezepo za kuzizira. Afriski ili pamtunda wa mamita oposa 3,000, pomwe Lilongwe ili pa 1,050. Usiku ndi m'mawa kumazizira kupitirira pamene madzi amaundana. Si chisanu cha Juni cha ku Dedza ayi.

Mabatire amafooka akazizidwa. Tengani atatu, awiri akhale m'thumba la mkati pafupi ndi thupi. Yomwe yaonetsa kuti yatha musaitaye mtima, ikafunda imabwereranso pang'ono. Pandege akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi.

Chimene chimaononga lenzi si kuzizirako koma kulowa nayo mwadzidzidzi m'nyumba yofunda. Galasi lozizira limachita mame, kunja ndi mkati momwe, ndipo chinyezi chikatsalira mkati mudzaona chuku m'nyengo ya mvula kuno. Mudakali panja, chotsani khadi ndi batire, kamera ndi lenzi muziike m'jumbo yaikulu, finyani mpweya, mangani. Mukalowa musatsegule kwa maola awiri. Lenzi imeneyi ikamatalika ndi kufupika imakoka mpweya, ndiye musaizume m'nyumba idakali yozizira. Chipale chikagwera pagalasi musauzire ndi pakamwa, nthunzi yanu imaundana pomwepo. Gwiritsani ntchito kapampu ka mphira. Hood, chotchinga cha kutsogolo kwa lenzi, isachoke.

Lenziyo ndi pafupifupi makilogalamu 2, ndipo pamtunda wotero mpweya umaperewera, mikono imatopa msanga. Monopod, ndodo ya mwendo umodzi yoimikapo kamera, imangiriridwe pa phazi la lenzi, osati pansi pa kamera. Ngati ndi yachitsulo, ikulungeni siponji pogwira. Magolovesi valani awiri, opyapyala mkati okanikizira mabatani, okhuthala pamwamba.

Wojambula wa ku Area 25:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga fyuluta ya polariser ndigule? Akuti imachepetsa kunyezimira.

Mayi wa ku Area 47:

Musagule achimwene. Lenzi yanuyo imafuna ya 95mm, yomwe ndi yodula, ndipo imadya kuwala kwa masitopu pafupifupi awiri, 1/2000 n'kutsika kufika 1/500. Kunyezimira kumeneko n'kumene kumaonetsa mizere ndi mabampu a chipale, kukachoka chimaoneka chosalala. Ndalamayo mugulire batire ina ndi magalasi a dzuwa oteteza ku UV, chifukwa kuwala kobwerera kuchokera pansi kumapweteka maso. Ndipo wodumpha akadutsa pomwe pali dzuwa, chotsani diso pa kamera. D7500 imaonetsa kudzera m'galasi lenileni, dzuwa la pa 600mm lingakuotcheni diso.