Mwana wathu amene ankabanika uja: zimene madokotala anapeza

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha pamene ndinafunsa za mwana wathu wa miyezi iwiri, amene ankapuma mofulumira ndi kubanika poyamwa ngakhale kuti anali atalandira mankhwala a chibayo kawiri konse. Ambiri munkati chavuta ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza, ndipo inenso ndinkaganiza choncho, koma ndinatsatira malangizo a mayi wina amene anati ndipemphe kuti mwanayo ajambulidwe pachifuwa, komanso ndisaope kupempha kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu.

Chithunzi chinaonetsa kuti gawo la pamwamba la phapo lakumanzere linali litafufuma kwambiri, moti linkakankhira mtima kumanja. Madokotala anatifotokozera kuti matendawa, otchedwa congenital lobar emphysema, ndi obadwa nawo ndipo sapezekapezeka. Kanjira ka mpweya kamakhala kofooka, kotero mpweya umalowa koma umalephera kutuluka, ndipo gawo lofufumalo limapanikiza mbali yabwino ya phapo. Mankhwala a chibayo sakanathandiza, pakuti vutolo silinayambe ndi tizilombo.

Anatitumiza ku Mercy James Centre, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene anamuchita opaleshoni yochotsa gawolo. Tsopano akuyamwa bwino ndipo kusikelo akukwera.

Ngati mwana wanu akuvutika chonchi, muziwerenga kapumidwe kake akakhala phee. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma maulendo 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi n'kofulumira ndithu. Musaiwalenso buku lake la kuchipatala ndi zithunzi zonse, pakuti ife tinasiya chimodzi kunyumba ndipo anachita kumujambulanso.