Ulaliki wa pa maliro a mawa, ndithandizeni

M'busa wachinyamata, Phalombe:
Abusa anzanga, ndikufuna nzeru usiku uno. Mawa tikuika m'manda mnyamata wa zaka 19, wa m'kwaya yathu. Wadwala masiku anayi basi. Banja lomweli linataya ana awiri m'matope a namondwe wa Freddy mu 2023. Dzulo pa siwa mayi ake anandigwira mkono n'kufunsa kuti, "Abusa, Mulungu ndinamulakwira chiyani?" Ndinasowa chonena. Achibale ena ayambanso kunong'onezana kuti agogo ake ndi amene amudya. Ndalemba ulaliki pa Aroma 8:28, vesi lonena kuti zinthu zonse zimathandizana kuwachitira ubwino okonda Mulungu, koma mtima sukundilola.

Abusa opuma, Zomba:
Mtima wanuwo ukunena zoona, mwana wanga. Vesilo ndi loona, koma nthawi yake si ya pamanda. Ine ndinalilalikirapo pa maliro a mwana ndili msinkhu wanu, ndipo bambo wa mwanayo anatha zaka osaponda m'tchalitchi. Anamva ngati ndikuti imfa ya mwana wake ndi yabwino. Yosefe ananena mawu a pa Genesis 50:20, oti zoipa zimene abale ake anamuchitira Mulungu anazisandutsa zabwino, patapita zaka zambiri, ali kale nduna ku Ejipito. Ali m'dzenje muja sakanawanena, ndipo mayiwa lero ali m'dzenje.

M'busa wa kuchipatala, Blantyre:
Funso limenelo ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse m'mawodi. Anthu amaganiza kuti kuona mavuto monga Mulungu amawaonera ndiko kudziwa chifukwa chake. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi ali chete. Atayamba kufotokoza zifukwa ndiye anaononga, mpaka Mulungu anawadzudzula pa Yobu 42:7. Yobu yemweyo sanauzidwe chifukwa. Mayiwo muwauze mosazungulira kuti imfa iyi si chilango chawo, ndipo chifukwa chake inu simukuchidziwa.

Amayi mvangeli, Mulanje:
Ndikuvomereza, komabe musawasiye anthu m'malere, abusa. Abwera kudzamva Mawu. Tengani Yohane 11. Yesu ankadziwa kuti Lazaro auka, koma analira ndithu pamanda. Marita anamudandaulira pamaso kuti akanakhalapo mlongo wake sakanamwalira, ndipo Yesu sanamukalipire. Anamuuza kuti Iye ndiye kuuka ndi moyo. Misozi ilimo, chiyembekezo chilimo.

Abusa opuma, Zomba:
Amayi anena bwino. Koma ine chikundisowetsa tulo ndi nkhani ya agogowo. Imeneyo musaidikirire mpaka pa guwa. Tamva kangapo m'dziko muno okalamba akuphedwa pa maliro chifukwa cha manong'onong'o otere. Pitani kwa amfumu usiku womwe uno pamodzi ndi mwini mbumba. Muwakumbutse kuti lamulo lokhudza za ufiti la mu 1911 lidakalipo, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ngati mwaona kuti mitima yatentha, dziwitsani apolisi m'mawa. Amayi a mumpingo awiri kapena atatu akhale pambali pa agogowo kuyambira ku siwa mpaka kubwerera kumanda.

M'busa wa kuchipatala, Blantyre:
Mu ulaliki musatchule mawu oti ufiti, mungayatse moto. Ingowerengani Yohane 9:1-3. Ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, Yesu n'kukana kuloza munthu chala. Pa Luka 13:4 anachitanso chimodzimodzi za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Ofunika kumva amva okha.

M'busa wachinyamata, Phalombe:
Zikomo kwambiri, makolo anga. Aroma 8 ndaisunga, ndidzawerenga ndi mayiwa kunyumba kwawo miyezi ikadutsa. Mawa ndiwerenga Yohane 9 poyamba, ulaliki ukhala pa Yohane 11, mphindi 15 zokha. Amayi atatu avomera kukhala ndi agogo. Ndanyamula tochi, ine ndi akulu a mpingo awiri tikupita kwa amfumu. Mutipempherere.