Apu yofunira ntchito kuno ku Chigwa cha Shire: tsamba loyamba lizifunsa chiyani?

Dev_wa_pa_Nchalo:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndikukonza apu ya pa foni yoti anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje azipezerapo ntchito: ulonda, kuyendetsa thalakitala, kuwotcherera, uphunzitsi wa ku mkaka, mpaka ganyu wa m'minda ya nzimbe ndi thonje. Ma apu ambiri amayamba ndi imelo, pasiwedi, CV, kenako munthu asankhe makilomita angati kuchokera pomwe ali. Ine izi sizikundikhutiritsa. Anyamata amene ndimacheza nawo pa msika pano ali ndi itel kapena Tecno yodzaza kale ndi zithunzi, bandulo yake ndi ya WhatsApp basi, imelo anawatsegulira ndi wa pa shopu ndipo pasiwedi sakuidziwa. Ndiye tsamba loyamba lizifunsa chiyani? Nanga CV ndiichotseretu?

Mayi_a_ku_Fatima:
Achimwene, za makilomitazo zitayeni lero lomwe. Mapu sadziwa kuti pakati pali Shire. Munthu ali ku Makhanga, apu imuuza kuti pa Bangula pali ntchito pafupi, pomwe iye afunika kabaza, bwato pa Mtayamoyo, kabaza winanso kutsidya, ndipo madzi akakwera mu Januwale ndi Febuluwale ulendowo ndi woika moyo pachiswe. Ife a kum'mawa kwa mtsinje msewu wathu ndi wa ku Thabwa kudzera pa Livunzu ndi Masenjere. Funsani kaye kuti munthu ali tsidya liti, kenako asankhe msika womwe amaudziwa: Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Sorgin, Bangula, Tengani, Nsanje Boma, Marka. Aliyense amadziwa msika wake, koma sindinamvepo munthu akuti ndimakhala makilomita akutiakuti. Muonjezerenso funso loti angathe kukagonera komweko kapena ayi, chifukwa mayi wa ana ang'onoang'ono sangatero ngakhale malipiro akome bwanji.

China, amayi ambiri kuno foni ndi ya abambo kapena ya mwana. Musamange dzina limodzi pa nambala imodzi. Nambala imodzi izitha kusunga anthu awiri kapena atatu, ndipo uthenga uzitchula dzina la amene akuitanidwayo.

Kapitawo_wakale:
Ndalembapo anthu ntchito zaka zambiri mwana wanga, CV ya wodula nzimbe sindinaiwerengepo. Ndimafuna kudziwa zitatu: wagwirapo nyengo zingati, ali ndi chitupa cha unzika, abwera liti. CV isiyireni a ma ofesi ndi a mabungwe, amene akufunsidwa MSCE kapena pepala la TEVETA, ndipo iwonso ingokhalani yojambula ndi kamera. Ena onse adine chithunzi cha ntchito yomwe amatha, chikwanje, chiwongolero, njerwa, makina osokera. Amene kulemba kumamuvuta ajambule mawu monga amachitira pa WhatsApp, m'Chisena kapena m'Chimang'anja, momwe angamasukire.

Koma chomwe chingaphe apu yanu ndi akuba. Mukuwadziwa aja amalemba kuti kwatuluka ntchito, tumizani ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Munthu akabedwa kamodzi kudzera mwa inu, mudzi wonse umva dzuwa lisanalowe. Pansi pa ntchito iliyonse palembedwe ndi zilembo zazikulu kuti ntchito sagula, pakhalenso batani lonenezera. Wolemba anthu asaike chilengezo musanamuimbire foni n'kutsimikiza komwe ali. Malipiro azionekeratu, pa tsiku kapena pa mwezi, osati zija za tidzakambirana. Munthu asawononge ya thiransipoti kuchokera ku Marka kukangomva ndalama yosakwana n'thumba la chimanga lomwe.

Sisi_Ngabu:
Ine ndingoti muyeseni panja masana, osati m'nyumba. Dzuwa la Okutobala pa Ngabu, zilembo zotuwa pa tsamba loyera sizioneka ngakhale utaphimba ndi dzanja, foninso imatentha n'kuyamba kuzengereza. Zilembo zikhale zakuda ndi zazikulu, makanema ayi. Magetsi nawo mukukumbukira mu 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, komanso Freddy mu 2023, anthu ankatchajitsa foni pa sola ya pa okala n'kuithimitsa kuti isunge moto. Choncho netiweki ikaduka munthu ali pakati polemba, zomwe walembazo zisafufutike. Ntchito ikadzaza ichoke yokha pa mndandanda.

Ndipo musaiwale a kafoni ka mabatani, ndi ambiri kuposa momwe mukuganizira. Anthu anazolowera kale kudina *211# ndi *444#, ndiye njira ya manambala ngati imeneyo siiwavuta. SMS izibwera ikapezeka ntchito ya pa msika wawo wokha.

Dev_wa_pa_Nchalo:
Takhuta nonse. Tsamba loyamba likhala nambala ya foni, tsidya ndi msika, kenako zithunzi za ntchito. A Kapitawo, funso limodzi: mlimi wamba wa ku Kasinthula amene akungofuna anthu asanu opalira mawa m'mawa ndimutsimikiza bwanji, poti alibe ofesi kapena chidindo?

Kapitawo_wakale:
Ameneyo ali mu gulu la alimi, ndipo gululo lili ndi mlembi. Gwirizanani ndi alembiwo akupatseni manambala a mamembala awo. Amene sali mu gulu lililonse abweretse kalata ya amfumu.