Gulu la Banja: Matayala a Galimoto ya Ukwati

Achemwali aku Area 49: Mwaswera bwanji nonse. Za matayala a galimoto ya ukwati zija, Toyota 86 ya Achimwene aku Joni, amene atumiza K60,000 yawo ndi Azakhali, Alamu ndi ine. Enanu ndikudikira. Airtel Money kapena Mpamba, zonse zili bwino.

Malume: Ine ndinanena kale. Kaunjika ku Biwi, nkhani yatha. Tayala ndi tayala.

Mzime: Malume, ndapita kwa amayi ku Area 25 kukaiona galimotoyo. Matayala onse alembedwa STUDLESS. Amenewo ndi oyendera pa chisanu choundana ku Japan, anabwera nayo choncho. Labala wake ndi wofewa, pa tala wotentha amatha msanga, ndipo pamvula mabuleki amachedwa kugwira.

Achimwene aku Joni: Zoona mphwanga, sindinasinthepo chiigulire.

Mzime: Komanso pambali pali manambala anayi, 1814. Ndiye kuti anapangidwa sabata ya 18 m'chaka cha 2014. Opanga matayala ambiri amati likakwana zaka 10 lichoke ngakhale mizere ikuonekabe. Lakumbuyo kumanzere lili ndi ming'alu kale.

Malume: Minibasi zonse zili mu Malangalanga zikuyendera chani? Si kaunjika?

Azakhali: Achimwene, m'minibasimo simukwera mkwatibwi wathu. Ukwati uli mu Disembala, mvula ili pakati. Ine sindikufuna kugona ndi mtima m'mwamba.

Alamu: Pepani kulowerera. Toyota 86 imakoka ndi kumbuyo. Matayala akumbuyo akakhala osagwira, pakona ponyowa imatembenuka yokha. Ndiye ngati ndalama ikwanira awiri okha, atsopanowo apite kumbuyo. Koma kusakaniza ndi achisanu aja sindikulimbikitsa, tigule anayi amtundu umodzi.

Achemwali aku Area 49: Anayi ndi ndalama ya anthu atatu? Aku Kawale awerenga uthenga kuyambira dzulo, zii.

Achimwene aku Joni: Saizi yake ndi 215/45 R17, musalakwitse. Kumapeto kwalembedwa 87W pa amene galimotoyi imabwera nawo kuchokera kufakitale.

Malume: W ndiye chani tsopano

Mzime: Ndi liwiro limene tayala lingapirire malume, 270 km pa ola. V ndi 240. 87 ndi kulemera, makilogalamu 545 tayala limodzi.

Malume: Ndani athamange 270 pa Area 18? Mukungofuna kuwononga ndalama. Kaunjika, ndanena.

Alamu: Si za kuthamanga zokha malume, tayala lotero limapirira kutentha. Chondidetsa nkhawa ine ndi 45 uja. Khoma la tayala ndi lalifupi, silifika masentimita 10. Ukagwera m'dzenje lobisika ndi madzi limatupa pambali, nthawi zina limu n'kupindika. Tayala lotupa silimatidwa, ndi lotaya. Ma 86 ena amabwera ndi malimu a mainchesi 16, matayala 205/55, amenewo amapirirako maenje.

Achimwene aku Joni: Malimu anga asachotsedwe chonde alamu.

Azakhali: Tili pomwepa, chitenje cha banja mwagwirizana chiti? Chobiriwira chija chatha pa Bwalo la Njobvu, mayi wake akuti mpaka sabata yamawa.

Achemwali aku Kawale: Chofiirira chinali bwino azakhali. Ine mamita 4.

Achemwali aku Area 49: Eya, mwaoneka achemwali. Nanga ya matayala?

Achemwali aku Kawale: Ndikutumiza mwezi ukatha. Ena tinasenza zambiri nthawi ya chiliza ija, sitinalankhule.

Azakhali: Izo zisiyeni, si malo ake ano.

Achemwali aku Kawale: Komanso galimoto ili ndi mwini wake. Ukwati ukatha matayalawo atsala kwa ndani?

Achimwene aku Joni: Ndamva achemwali. Ine ndilipira awiri ndekha, banja lisonkhe awiri. Ndikutumiza pa Mukuru Lachisanu. Alayimenti ndi balansi, kuwongola mawilo kuti aziyenda molunjika osanjenjemera, zikhalenso zanga, chifukwa popanda zimenezo atsopanowo adyeka mbali imodzi.

Malume: Ndalama imeneyo ikanagula nkhuku zingati za pa chinkhoswe? Tayala ndi tayala ana inu.

Mzime: Akaunjika ambiri a saizi imeneyi amakhala omweomwe ochotsedwa pa galimoto zaku Japan malume, ndipo zigamba zam'kati simungazione tayala lili pa limu. Sitikunena kuti tigule Michelin ayi. Alipo otsikirako mtengo, bola akhale atsopano, deti yake yaposachedwa, mizere yakuya yotaya madzi.

Alamu: Loweruka nditenga mzime tizungulire mashopu a ku Old Town ndi ku Kanengo, tijambule mitengo ndi madeti titumize pano.

Achemwali aku Area 49: Chabwino. Poti awiri achoka, aliyense ikhale K40,000, ndionanso mitengo ikabwera. Azakhali ndi Alamu, yotsalayo ndikubwezerani kapena ipite ku chitenje? Bambo aang'ono aku Likuni sakuyankha foni, wina awapeze.

Azakhali: Yanga ipite ku chitenje. Aku Likuni ndikumana nawo kutchalitchi Lamulungu.

Achemwali aku Area 49: Malume, yanu ndiyembekezere liti?